Thonje la m'nyumba ya apongozi

Kwathu ndi kumtunda, kufupi ndi Chipata. Pamene ndinkakwatiwa kuchigwa, kudera la Msoro, abale anga anandiseka kuti ndikupita kukapsa. Ankati kumeneko nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti ndinyamule juzi. Mwezi wa Juni utafika ndinadzuka mano akugundana, nkhungu itagona pamtsinje wa Lupande, zidendene zanga zitayamba kung'aluka. Kutentha kwa kuchigwa n'koona, koma kuli ndi nthawi yake. Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira, ndipo kumapweteka kwambiri chifukwa nyumba zake anazimanga poganizira kutentha, n'kusiya mipata pansi pa denga kuti mphepo izilowa.

Pakhomo tinalipo anayi: ine, amuna anga, mwana wathu wamkazi amene chaka chomwe ndikunenachi anali ndi zaka zitatu, ndi apongozi anga aamuna, bambo a amuna anga. Apongozi aakazi anamwalira ine ndisanabwere. Tinkalima chimanga, mapira pang'ono ndi thonje, ndipo mvula ikatha tinkasamalira kadimba m'mbali mwa mtsinje. Nyengo yozizira inali ya thonje. Tinkadikira kuti mame aume, kenako n'kulowa m'munda ndi matumba m'chiuno, kutola mpaka dzuwa litapendeka. Makoko a thonje louma amabaya pafupi ndi zikhadabo, ndiye zala zikang'aluka ndi kuzizira, ngakhale kutsuka mbale kumakhala chilango.

Ine ndinabwera kuchigwa ndi mantha anga ndipo sindinawatule. Madzi akayamba kuuma m'tchire nyama zimayandikira midzi. Njovu zinkabwera kudzagwedeza mitengo ya masau kuseri kwa munda wathu, afisi ankazungulira khola la mbuzi, ndipo m'maiwe otsala mumtsinje munali ng'ona. Azimayi anzanga ankaona ndowe za njovu zikadali kufuka nthunzi panjira ya kumadzi, n'kungozilambalala akupitiriza nkhani ya mtengo wa sopo. Ine ndinkaima, osafuna kupitirira. Ankanditcha mlendo ngakhale nditabereka, ndipo ndikanena kuti tibwerere ankandifunsa ngati kwathu timamwa mantha m'malo mwa madzi.

Chinthu china chimene ndinachipeza kumeneko ndi ulemu wa apongozi. Kwathu unaliko, koma wofewa. Apongozi anga anali munthu wa kutchalitchi Lamlungu lililonse, koma pa izi anali wachikale kotheratu. Azakhali a amuna anga anandikhazika pansi sabata yoyamba n'kundiwerengera: osawayang'ana kumaso, osawapatsira chinthu m'manja, osayankhula nawo mwachindunji, ndipo m'nyumba mwawo osaponda ngakhale pakhonde. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'udzu n'kugwada, iwonso n'kutsokomola, kuyang'ana kumbali. Poyamba zinkandikwiyitsa, makamaka udzu ukakhala wonyowa. Koma thupi limazolowera msanga kuposa mtima. Patapita zaka pabwalo pathu panali kanjira kokhota kochokera kukhitchini kwanga kupita kunkhokwe, kolambalala nyumba yawo patali. Kanjira kameneko ndinakaponda ndine ndekha.

Mwana atayamba kuyankhula, zinthu zinapepuka, chifukwa iye ndiye anakhala pakamwa pathu. Ndinkamuuza kuti akawauze ambuya ake, ndimo mmene ankawatchulira agogo akewo, kuti madzi osamba atentha. Iye ankathamanga, kukwera pamwendo pawo n'kukuwira m'khutu, popeza makutu awo anali atatha. Iwo ankayankha kudzera mwa iye yemweyo ngakhale ine nditaima poti ndikumva zonse. Kamwanako kanali kochenjera, uthenga sunkafika wokha. Kankabwerako n'kunena kuti ambuya ati zikomo, atinso mundiwotchere mbatata. Awiriwo ankakondana kwambiri, moti ndikamukalipira ankadziwa kothawira kumene ine sindingafike.

Thonje lonse tinkasunga m'nyumba mwa apongozi. Inali ndi chipinda chimene chinangokhala chiyambire maliro a akazi awo, kutali ndi moto wa kukhitchini, ndipo chitseko chake chinali ndi kachitsulo kokowetsa kunja kuti mbuzi zisalowe. Amuna anga ankakhuthulira m'menemo zimene tatola, kudikira tsiku loti alongedze m'mabelo ogula akabwera. Ine muluwo ndinali ndisanauonepo. Ndinkangomva kuti wafika m'chiuno, wafika pachifuwa. Masiku amenewo ndinkapeza timaulusi ta thonje m'tsitsi mwa mwana, ndipo ndinkamutola ndikung'ung'udza, poganiza kuti amagudubuzika pamatumba akakhala pabwalo.

Tsikulo kunazizira kuposa masiku onse. Kutangoyera ndinamufunditsa mwana kachitenje kake pamwamba pa bulangete, ndinamusiya ali m'tulo, n'kunyamula ndowa kutsata anzanga. Madzi tinkatunga m'zitsime zofukula mumchenga wa mtsinje, ndipo amatuluka pang'onopang'ono, umachita kudikira ndi chikho. Amuna anga anatsala akuti aone mbuzi, kenako alowetse thonje la dzulo lake lomwe linagona m'matumba kukhitchini.

Pobwerako dzuwa linali litakwera. Ndinatula ndowa, ndinasonkha moto, ndinaika phala, kenako n'kulowa kukamudzutsa. Pamphasa panali bulangete lokha, lozizira. Sindinadandaule nthawi yomweyo. Ndinaitana kuseri kwa nyumba, kuchimbudzi, kwa aneba. Amuna anga anatuluka m'munda akunola mpeni nati iwo amayesa kuti ndamutenga kumadzi. Anati potuluka anasiya chitseko cha nyumba yathu chili chotsegula pang'ono ndipo sanasuzumirenso.

Amene anaona mapazi ndi mayi wina woyandikana nafe. Anali a fisi, atsopano, ochokera kukhola kudutsa pafupi penipeni ndi khonde lathu n'kulowera m'udzu wa kumtsinje. Chapakati pa bwalo, m'fumbi, panali kachitenje ka mwana. Tonse tinaganiza chinthu chimodzi, kuti fisi wamutenga. Ine ndinakhala pansi osadziwa kuti ndakhala. Zaka zonse zija ndinkadziwa kuti tsiku lina tchire ili lidzanditengera kanthu, ndipo anthu ankandiseka. Tsopano palibe amene ankaseka, ndipo ndinalakalaka wina atandiseka.

Mudzi unasonkhana mwamsanga. Amuna anatenga nkhwangwa ndi mikondo, agalu patsogolo, kutsata mapazi aja. Mnyamata wina anakwera pachulu pomwe foni imagwira kuti aimbire oyang'anira nyama. Azimayi anagawana, ena kumadimba, ena kumaiwe. Wina anafunsa za apongozi, amene nthawi yonseyi anali kuseri kwa nkhokwe kumene ankaothera dzuwa m'mawa uliwonse, atadzifunditsa bulangete mpaka kumutu. Amuna anga anati asiyeni, sanamve kanthu, ndipo mtima wawo sungapirire nkhani yotere tisanadziwe zoona zake. Ine anandiuza kuti nditsale pakhomo mwina mwana angatulukire. Ndikuganiza kuti ankaopanso zimene ndikanakaona m'udzumo.

Anthu atachoka pabwalo panangoti zii. Phala linapserera ndikuliona. Ndinkamva agalu akuuwa kutali ndi mawu a anthu akuitana dzina la mwana wanga, ndipo mawuwo akaleka pang'ono ndinkaleka kupuma, kudikira kulira kwa azimayi. Sindinathe kukhala. Ndinayang'ananso pansi pa bedi pathu, m'nkhokwe, m'khola la nkhuku, ngakhale mumgolo wopanda madzi. Ndinayenda pabwalo lonse kangapo konse, ndipo ulendo uliwonse miyendo yanga inkatsata kanjira kanga kokhota. Mutu unali utabalalika, koma miyendo inkakumbukira ulemu. Nyumba ya apongozi ndinaiyang'ana ndili patali, ndinaona kuti chitseko n'chokowetsedwa kunja, ndinati mwana sangadzitsekere kunja. Ndinaitanabe ndili pomwepo. Sikunamveke kanthu.

Kachitenje kaja kanali m'manja mwanga nthawi yonseyi. Ndinakafufuza kufuna magazi, sindinawapeze. Ndinakanunkhiza, kankanunkha mwana. Pokatembenuza ndinaona timaulusi toyera ndi njere ya thonje itakanirira m'mphepete. Sindinganene kuti ndinazindikira kanthu, ayi. Ndinangoganiza kuti pali munthu mmodzi pamudzi pano amene amadziwa mayendedwe a mwanayu m'mawa ine ndikakhala kumadzi, ndipo palibe amene wamufunsa.

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinagwada patali monga mwa masiku onse, ndinaomba m'manja. Apongozi anali atatsamira nsanamira, mutu uli pansi, akusinza. Ndinatsokomola. Ndinaombanso mwamphamvu. Kenako ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira tsitsi limandiimirira: ndinacheuka kufuna mwana woti ndimutume. Ndinacheuka ndithu, pakamwa nditatsegula kale kuti ndinene kuti kawafunse ambuya ako. Woti nditumeyo ndi amene ankafunidwa m'udzu ndi mikondo.

Ndinayesa kuyankhula ndi mphepo, monga timachitira pakasowa wotuma. Ndinakweza mawu ndikuyang'ana kumbali, kunena kuti kaya ambuya amuonako mwana m'mawa uno. Nkhuku zokha ndi zimene zinadzidzimuka. Kumtsinje agalu anayamba kuuwa onse pamodzi. Ndinadzuka, ndinapita pomwe anakhala, ndinawagwira paphewa n'kuwagwedeza. Phewalo linali la mafupa okhaokha. Ndinaika pakamwa panga pakhutu pawo monga ankachitira mdzukulu wawo.

"Mwana ali kuti?"

Anadzidzimuka, ndipo ataona kuti ndine anakokera bulangete kumaso n'kutembenukira kunkhokwe. Nawonso thupi lawo linkadziwa chinthu chimodzi chokha. Ndinawagwedezanso, ndinakuwanso. Anayankha akuyang'ana pansi, modabwa kuti nkhani yake ndi yomweyi.

"Si ali m'thonje? Kukazizira amalowa m'menemo. Ndamuona akulowa."

Apo ndi pamene ndinakumbukira matumba a dzulo aja. Kukhitchini kunalibe. Amuna anga anali atawalowetsa, n'kukowetsa chitseko potuluka.

Sindikumbukira kuti pabwalo ndinadutsa bwanji, koma ndikudziwa kuti sindinakhote. Ndinakowola kachitsulo kaja, ndinalowa m'nyumba imene ndinali ndisanapondemo chikwatiwire. Munali mdima ndi fungo la fodya. Muluwo unadzaza chipinda kuchokera khoma kufika khoma, ndipo pamwamba pake panali thonje latsopano ndi matumba ena osamasula, ongoponyedwa. Anthu amene sanalimepo thonje amaganiza kuti n'lopepuka. Lili ndi njere, limalemera, ndipo likatsendereka limagwirana. Ndinaitana mwana, mawu anga anangothera pomwepo ngati ndikuyankhulira m'pilo. Ndinayamba kufukula paliponse, kuponya kumbuyo, fumbi lake likundilowa m'maso ndi m'mphuno. Dzanja lililonse lomwe ndinkalowetsa ndinkaopa kuti ligwira kanthu, n'kuopanso kuti siligwira kanthu.

Ndinamva munthu akupuma movutikira kumbuyo kwanga. Apongozi anali atafika opanda ndodo yawo. Anaona matumba aja pamwamba, ndipo anatulutsa kamawu kamene sindinamvepo kwa munthu wamkulu. Anandikankha ndi chigongono kundilozera pakona, kufupi ndi khoma la kum'mawa. Tinakokera limodzi thumba lina pansi. Tinafukula tonse awiri titagwada, mikono ikugundana, mitu ikugundana. Palibe amene anapatukira mnzake.

Choyamba kuoneka chinali mkombero wa dengu. Pambuyo pake ndinamva kuti iwo ndi amene anamugonekera dengu lakale chammbali pakonapo kuti likhale kanyumba kake, ndipo m'mawa uliwonse wozizira ankalowetsamo mutu ndi mapewa, miyendo n'kuikwirira m'thonje. Pansi pa dengulo ndinagwira phazi. Linali lotentha. Ndinakoka, mwana anatuluka ali lobodo, thupi lonse thukuta, milomo yotuwa, m'mphuno ndi m'kamwa muli ulusi. Maso anali otseka theka. Ndinamutchula dzina, sanagwedezeke.

Ndinathamangira naye panja padzuwa. Ndinamukolowola m'kamwa ndi chala, ndinamuuzira kumaso, ndinamugwedeza mwina mopitirira. Apongozi anamulanda m'manja mwanga, anaika pakamwa pawo pamphuno pake n'kuyamwa monga amachitira azimayi akale ndi khanda la chimfine, kulavula, kuyamwanso. Anamutembenuza chafufumimba pamwendo pawo n'kumumenya pamsana. Ine ndinkangoyang'ana kachifuwa kake. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kenako anakoka mpweya ndi kaphokoso konga kachitseko kouma, anatsokomola, anasanza, ndipo analira. Kulira kwake kunali kwakung'ono, kosasa, koma ndinakumva mpaka m'mafupa.

Panalibe wotuma kumtsinje. Apongozi anakwawira pamtengo pomwe tinkapachika chitsulo chakale cha pulawo chopirikitsira njovu, anachimenya ndi mwala osaleka. Anthu anabwera akuthamanga, kuganiza kuti pamwamba pa fisi pabweranso njovu masanasana. Amuna anga anafika miyendo itachekedwa ndi udzu, nkhwangwa ili m'manja. Ataona mwana ali pachifuwa panga, ataona chitseko chija chili pululu ndi thonje litamwazika pakhonde, anamvetsa okha. Anati munali mdima, anangokhuthula ali pakhomo n'kuponya matumba otsalawo. Anakhala pansi m'fumbi atagwira mutu. Ine ndinawayankhula mawu amene sindingawabwereze pano, anthu onse akumva. Ndinakalipira iwo, ndinakalipira azakhali awo amene anandilangiza, ndinakalipira ngakhale fisi amene anangodutsa osatenga kanthu. Azimayi anangondisiya mpaka mawu anandithera.

Tinapita naye kukiliniki panjinga, ine kumbuyo nditamukumbatira. Njira yonse ndinaika tsaya langa pamphuno pake kuti ndizimva mpweya. Anesi anali mtsikana wochokera kutali, kumatauni a migodi, waukhondo, wa Chinyanja chophunzira. Anamupima pachifuwa, anamupatsa mankhwala, anati dengu lija ndi limene lamusungira kampweya. Kenako anandifunsa mwaulemu ndithu kuti pakhomo pali nyumba zingati, ndipo n'chifukwa chiyani sitinayambe tayang'ana m'nyumba zonse tisanathamangire kutchire. Ndikanamuuza kuti chiyani? Kuti ndinaima patali n'kuitana mwaulemu? Chifuwa cha mwanayo chimalirabe kakhweru nyengo yozizira ikafika, ndipo ine Juni aliyense ndimagona khutu limodzi lili kwa iye, ngakhale tsopano ndi wamtali kundiposa.

Tinabwerera dzuwa litapendeka, kuzizira kutayambanso kutsika. Pokwera kamtunda ka pafupi ndi kwathu ndinatsika panjinga n'kumubereka mwana kumbuyo, iye ali m'tulo. Amuna anga anatsalira akukankha njinga, osafuna kuyenda pambali panga. Nditatulukira pabwalo ndinaima. Pabwalo ponse panali poyera. Apongozi anali atatulutsa thonje lonse okha, ndi dengu lomwe lija, ulendo ndi ulendo, n'kulitaya pafumbi. Thonje la chaka chathunthu, limene tinkalisamala kuti lisade, mbuzi zinkayendamo, ndipo palibe amene ankazithamangitsa.

Iwo anali ataima pa kanjira kanga kokhota kaja, pakati penipeni, bulangete lili pansi. Sanatsokomole, sanayang'ane kumbali. Anayang'ana pamsana panga, anaona mutu wa mwana uli lende, osagwedezeka. Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wina, ndipo ndinadziwa kuti akufuna mwana woti amutume kwa ine. Kenako anandiyang'ana ine.

"Akupuma?"

Kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. M'ndevu ndi m'nsidze munali ulusi wa thonje, ndipo mphumi yawo inali ya mwana wanga. Ndinayankha kuti inde, akupuma, koma sanamve. Ndinagwedeza mutu, anapitiriza kundiyang'ana ngati sakukhulupirira. Ndiye ndinatembenuka, ndinagwira dzanja lawo lozizira n'kuliika pamsana pa mwana, pamwamba pa chitenje. Tinaima choncho pakati pa thonje, dzanja lawo likukwera n'kutsika, ndipo sanalichotse mpaka mwana anadzuka.